Jekete ya tizerzai, pomwe ndafika

Mapewa ndamaliza, ndipo ndatsimikiza kuti jeketeyi sikhala ndi zipi kapena mabatani ayi, izitsekedwa ndi tizerzai basi. Kwa amene simukuzidziwa, awa ndi mapini awiri a siliva, ambiri amakhala a ngodya zitatu, olumikizidwa ndi tcheni, omwe amayi achi Berber aku Morocco amagwirira nsalu pamapewa. Chovala chakalecho sichidulidwa ndi sizasi nkomwe, ndi nsalu imodzi yaitali yokulunga thupi, ukangochotsa mapiniwo chonse chimagwa. Nchifukwa chake zimandiwawa ndikaona madizayina akupachika tizerzai pa diresi yomwe ili kale ndi zipi kumbuyo, yangosanduka chokongoletsa pomwe eni ake ndi imene amadalira kuti chovala chikhale pathupi.

Koma pini yake ndiyonenepa abale, pansalu yopyapyala imang'amba, ndiye mkati mwa mapewa ndaikamo kanivasi kenako ndasoka timabowo pamanja ndi ulusi wolimba kuti izidutsa pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Zanga ndi zachitsulo wamba, za siliva weniweni ngati za ku Tiznit, tawuni ya ku Morocco yotchuka ndi osula siliva, ndalama yake pakadali pano palibe.

Nsalu ndasankha yaubweya yoyera, maganizo ndatenga ku handira, chofunda chomwe amayi akubanja la mkwatibwi amaluka kumapiri a Middle Atlas ku Morocco, chodzadza ndi tizitsulo tonyezimira, mkwatibwi amachifunda popita kwa mwamuna. Ine ndangoika mizere iwiri ya tizitsuloto mmunsi, chifukwa ukadzadza ponse jekete imalemera komanso ukhala ngati wavala za ukwati wa anthu ena popita kuntchito.

Siketi ndimafuna ikhale ya fouta, nsalu ya mizere yofiira ndi yachikasu yomwe amayi achi Berber aku dera la Kabylie ku Algeria amamanga mchiuno pamwamba pa diresi, monga timamangira chitenje. Ndasiya. Kabylie ndi Middle Atlas ndi kutali, anthu ake amavala mosiyana, ngakhale myuziyamu ya zachi Berber ya kumunda wa maluwa wa Jardin Majorelle mumzinda wa Marrakech ku Morocco, yomwe inatsegulidwa mu 2011, imaonetsa bwino kuti dera lililonse lili ndi zovala zakezake, ndiye ine ndani kuti ndizisakanize. Fouta ndidzaisokera payokha ndi diresi yake ya zigizagi pachifuwa.

Zatsala ndi kulumikiza manja ndi kupinda mmunsi, makina anga akuvutika ndi ubweyawu ndiye mwina mpindo ukhala wapamanja.