Ka bizinesi kathu ka ma system ndi vuto la password ya ku Karonga

Ine ndi alamu anga timapanga ma system a stock a ma shop ang'onoang'ono kuno ku Mzuzu, ka ofesi kathu kali ku Katoto. Tinayamba nkukonza ma laputopu basi, za ma database zinabwera chifukwa makasitomala ankadandaula kuti katundu akusowa koma mu kope zonse zili bwinobwino.

Ntchito yomwe inatidziwitsa kwa anthu ndi ya abambo ena a hardware ku Luwinga omwe anatsegula branch ku Karonga. Database yawo ndi MySQL, ili pa kompyuta ya ku Luwinga konko, ndiye mtsikana wa ku Karonga akati alowe imangomulembera ERROR 1045 Access denied, kumapeto kwake using password: YES. Abwanawo anali atamukalipira kale mwana wa eni ake kuti ndiwe wosasamala waiwala password, chonsecho amalemba yolondola.

Nkhani ndi yakuti MySQL siyang'ana dzina ndi password zokha ayi, imayang'ananso komwe munthu akuchokera. Akaunti yake inapangidwa ngati 'sales'@'localhost', kutanthauza kuti imagwira ukakhala pa kompyuta yomwe pali database yomweyo, ukachokera kwina kwa iyo ndiwe mlendo olo password ikhale yoona. Titakonza apo kunatulukanso lina, ka pulogalamu ka ku Karonga kanali kakale ndiye sikamadziwa caching_sha2_password, njira yotsimikizira password yomwe MySQL 8.0 inabwera nayo mu 2018. Ambiri apa amathamangira kubwerera ku njira yakale ya mysql_native_password koma imeneyo mu 8.4 imabwera yozimitsa, mu 9.0 anaichotseratu, ndiye ife tinangoika connector yatsopano, yomwe imalumikiza pulogalamuyo ndi database.

Mphwawo wa abwana, amene amati amadziwa makompyuta, anati bwanji osangoika '%' (kulola kulowa kuchokera paliponse) pa akaunti yaikulu ya root nkusiya port 3306, khomo la MySQL, yotsegula pa rauta zithe. Zikanagwiradi tsiku lomwelo. Koma kuteroko nkusiya geti pululu usiku, pa intaneti pali ma bot omwe ntchito yake nkuyesa ma password pa 3306 usana ndi usiku, ndipo root amatha kufufuta chilichonse. Tinakana, anakwiya pang'ono, zinatha.

Kulola IP (adiresi ya pa intaneti) ya ku Karonga yokha sikukanathekanso poti amagwiritsa data ya pafoni ndipo IP yake imasinthasintha. Tinaika WireGuard, pulogalamu ya VPN (njira yotetezeka yolumikizira makompyuta pa intaneti), kompyuta ya ku Karonga imayamba yalowa mu VPN kenako database imaiona ngati ya m'nyumba, akaunti tinaimangirira ku IP ya mu VPN yomweyo. Aliyense tinamupatsa akaunti yakeyake, wogulitsa ali ndi SELECT, INSERT ndi UPDATE basi (kuona, kulowetsa ndi kusintha), DELETE ndi DROP zofufutira alibe. Password timamuuza mwini wake pomuimbira, za pa gulupu ya WhatsApp ya shop tinaletsa chifukwa mmenemo muli ndi anthu omwe anasiya ntchito kalekale. Wina akachoka timatseka akaunti yake ndi ACCOUNT LOCK tsiku lomwelo.

Panopa abambowo amatilipira pamwezi kuti tiziyang'anira, ndipo ndi iwo anatilumikiza ndi a agro dealer ena a ku Ekwendeni ndi Rumphi. Chomwe tikulimbana nacho pano ndi choti agule ka inverter, magetsi akazima ku Luwinga server imagona ndipo ku Karonga amayambanso kuimba kuti password yakana.