Tsiku lomwe ndinapha agogo anga pa WhatsApp

Laputopu yanga dzina lake inali Agogo. Ndayambira pamenepo dala, chifukwa amalume anga a ku Kasungu mpaka lero akuti nkhani ya dzinayi ndinaipeka zinthu zitavuta kale.

Ndinaigula mu 2013 kwa mnyamata wina wochokera ku Joni, ili yotopa kale. Inali ya Windows 7, ndipo a Microsoft atalengeza kuti kuyambira Januwale 2020 Windows imeneyi asiya kuisamala, ine ndi Agogo tinangoti zawo izo. Batire linafa kalekale, moti kungozula chingwe pakhoma nawonso zii, ngati wodwala wa pa okosijeni. M'mawa wa mu Juni, kuno ku Mzuzu kukamazizira mpaka mano kuguguda, ndinkadina batani, kupita kukatereka madzi a tiyi, kubwerako n'kuwapeza akutsokomolabe. Dzinali anawapatsa ndi mnzanga yemwe timagawana kashopu ku Luwinga, chakufupi ndi Mzuni. Iye ndi wa fotokope, ine wotayipa.

Ndimatayipa ma CV, makalata ofunsira ntchito ndi za ana asukulu, koma ndalama yosaphonya imachokera ku maliro. Mbiri ya malemu ndinali nayo fayilo imodzi basi. Kusintha dzina, chaka chobadwa ndi tsiku lomwalira, zinazo zonse momwemo: anali wokonda anthu, wodzichepetsa, wolimbikira mapemphero. Zaka zonsezi sindinatayipepo mbiri ya munthu wankhanza kapena wokana ngongole. Kaya anthu amenewa amakafera kuti, ine sindinawaonepo.

Tsono mwezi umenewo kunyumba kwathu ku Chibavi kunalinso agogo enieni, mayi awo a mayi anga, omwe anabwera kudzaonetsa maso a ng'ala. Chaka chobadwa sachidziwa, amangoti pomwe Kamuzu ankafika mu 1958 iwo anali ndi mwana kumbuyo. Abale onse ankadziwa kuti ali kwa ine, ndipo aliyense poimba foni ankatsiriza ndi mawu akuti muwasamale, ngati kuti chisamaliro chimagulidwa ndi mawu.

Usiku wa tsokalo ndinachezera ntchito ya mtsikana wina wa pa koleji. Cha pakati pa usiku Agogo anayamba kulira mkati, ke, ke, ke, ngati nkhuku yojompha pa lata. Ndinawazimitsa, kuwayatsa, kuwapepesa, kuwapemerera mphepo ndi kope. Kutacha anangoti phethi kamodzi, nkhope bii. Nthawi imeneyo n'kuti mayi a kunyumba atanyamuka kale ndi agogo enieni kukagwira mzere kuchipatala, foni yawo ataisiya pawindo monga mwa chizolowezi chawo. Yanga inali itatsala pang'ono kuzima, poti soketi yogwira ntchito m'nyumba mwathu ndi imodzi ndipo usiku wonse inali ya wodwala.

Ndinalembera mnzanga wa fotokope uja mwachangu: "Agogo atisiya m'mawa uno. Avutika usiku wonse. Sindibwera ku shopu, ndikuthamangira m'tauni kukaona zoti n'kuchita." Ndinatumiza, foni n'kuzima. Kuti pamwamba pa WhatsApp panali gulu la banja lathu, la anthu oposa 60, osati mnzangayo, ndinadzadziwa masana.

Ndinakwera sacramento, njinga yakabaza ya kuno, mpaka kumsika, kwa m'misiri wina yemwe kashopu kake n'kodzaza ndi mitembo ya makompyuta mpaka kudenga. Anamasula tizomangira, n'kutulutsa kabokosi kochepera chikhatho, n'kukayika kukhutu ngati dokotala womvera chifuwa.

"Achimwene, munasunga kwina?"

"Kwina kuti?"

"Pa fulashi, kapena pa Google Drive."

Ndinangoyang'ana pansi. Anandifotokozera kuti mu hard disk muli kambale kozungulira ndi kadzanja kowerenga, ndipo kulira kwa ke, ke, ke kuja ndiye kuti kadzanjako kakulephera kupeza poyambira. Nthawi yonse imene ndinkazimitsa ndi kuyatsa, akuti mwina ndinkangopalitsa kambaleko. Mmenemo munali zithunzi za ukwati wathu, za mwana wathu ali wakhanda, ntchito ya mtsikana uja yofunika Lachisanu, ndi fayilo yanga ya anthu odzichepetsa. Ndimanena tsiku ndi tsiku kuti ndisunga mawa. Ine, munthu wotayipa za imfa za anthu sabata iliyonse! Misozi inatuluka yeniyeni, osanama.

Ndinabwerera cha m'ma 1 koloko, kamvula kowaza kaja kakugwa, maso ali psuu, laputopu ili m'chikwama. Pokhotera kwathu ndinakumana ndi mayi wina woyandikana nafe, atamanga chitenje ndi mpango. Anagwada pang'ono.

"Pepani bambo, tamva za agogo."

Mtima wanga unasungunuka. Ndinati kodi anthu a m'dera lino ndi achikondi chonchi, mpaka kudandaula za katundu wa mnzawo?

"Zikomo mayi. Anali atatopa ndithu. Kunena zoona ndinali nditayamba kale kuyang'ana ena."

Anandiyang'ana. "Nanga mwawasiya kuti?"

"Ndawatenga, ali m'chikwamamu. Tawatsegula kumimba, akuti zam'kati zina zikhoza kugulitsika."

Mfuu imene mayiyo anakuwa inauluza mbalame pa mawaya a magetsi. Anathawa kusiya patapata mmodzi m'matope. Ndipamene ndinakweza maso n'kuona masamba atayalidwa pamsewu, uku ndi uku, ndipo pakati pa masambawo panali geti lathu.

Mipando inali panja. Azibambo anali atakhala m'mbali mwa mpanda, zipewa m'manja, amfumu a m'dera lathu ali pakati. M'nyumba amayi akutchalitchi ankaimba, ndipo pamwamba pa nyimboyo pankamveka mawu a azakhali anga a ku Mchengautuwa, omwe chibwerere agogo anali asanapondeko kwathu, akuti thiransipoti yadula. Lero inali itapezeka. Kuseri moto unali utayaka, mphika waukulu uli pamafuwa, nkhuni zake zija ndinasungira mwezi wonse.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, mawu osatuluka. Ungayambire pati? Amfumu anandigwira paphewa n'kunena kuti limbani mtima mwana wanga, ndinu mwamuna. Ndili chiimire choncho, ndinamva belu la njinga kumbuyo.

Woyendetsa anatsika pa masamba paja monga mwa ulemu wake, n'kumakankha njinga. Pampando wakumbuyo panali agogo, diso limodzi atalimata thonje loyera ndi pulasitala, ndodo ili pamiyendo. Mayi a kunyumba ankabwera pambuyo ndi jumbo ya mankhwala.

Nyimbo inaduka pakati pa mawu. Bambo wina wodziwika ndi nyamakazi anadumpha ngalande osaikhudza. Azakhali anasuzumira pakhomo, n'kubwerera m'kati, n'kudzitsekera kuchipinda kwathu. Agogo anatsika pang'onopang'ono, n'kuyang'ana masamba, kuyang'ana khamu ndi diso lotsalalo. Monga munthu woleredwa bwino, sanafunse zambiri. Anakhala pansi pakhonde, n'kufunda chitenje kumutu, n'kuyamba: "Mayo ine! Mayo! Watisiya ndani?" Analira maliro awo omwe mphindi zingapo ndithu, mokoma kuposa onse amene analipo, mpaka mayi a kunyumba anawanong'oneza kukhutu.

Za chiweruzo sindichulutsa. Ndinatulutsa mtembo m'chikwama, amfumu anauzunguza uku ndi uku, n'kundilipitsa nkhuku ziwiri. Nsima inali itapsa kale, anthu anadya.

Chovuta chinali foni itayaka madzulo. Agogo anandikhazika pamphasa n'kundilamula kuti ndiwawerengere zonse za pa gulu lija, osadumpha. Poyamba zinali bwino: zithunzi za makandulo, mzimu wawo uuse mumtendere, anali mayi wa tonse, anali wodzichepetsa. Pamenepa agogo anati hm. Koma isanakwane 10 koloko m'mawa, wina anali atafunsa kale kuti dimba la kudambo lija likhala la ndani, wina n'kuyankha kuti ng'ombe ziwiri zija agogo anamulonjeza iyeyo chaka chatha. Ndinayesa kutsokomola kuti ndidumphe.

"Bwereza pamenepo, mdzukulu wanga. Wanena ndani?"

Kenako anaitanitsa kope la chipepeso ndi zonse zimene zinalowa pa Airtel Money ndi Mpamba. Ndinawerenga dzina ndi dzina. Pa msuweni wina wa ku Lilongwe, wagalimoto ziwiri, anandiimitsa.

"Zingati?"

"K2,000, agogo."

"Ine?"

Ndalamazo anazimanga pa mfundo ya chitenje. Nditanena zobweza, anati amene akufuna yake abwere adzaitenge yekha, adzawayang'ane m'diso. Palibe anabwera.

Amalume uthenga woti kulibe maliro unawapeza atadutsa kale pa Jenda, pa lole yahayala, ndi thumba la ufa, mbuzi ndi bokosi. Anati kubwerera ndiye ayi, mafuta alipira kale, abwere adzandione nkhope. Anafika usiku, ndipo zimene anandiuza sindingazitayipe. Kutacha agogo analizungulira bokosilo, kuligogoda ndi ndodo, n'kunena kuti matabwa ake ndi a paini wosakhwima, chiswe sichingachedwe nawo. Anawauza amalume kuti alibweze akawonjezere ndalama, nthawi ilipo. Mbuzi inatsala.

Agogo asanabwerere ku Kasungu anapempha kuona mnzawo wa dzina. Ndinawaikira laputopu pamiyendo, anaisisita pachivundikiro.

"Anali ndi zaka zingati?"

"Mwina 15."

"Mwana wa dzana. Ndiye mumamuvutitsa usiku wonse?"

Anandituma kugolosale kukagula kope ndi bolopeni, ati mbiri yawo alembetseratu okha poti aona mmene tingawanamizire. Tinalemba masiku atatu. Mawu akuti wodzichepetsa anawakana. Pa tsamba loyamba penipeni, tisanafike ndi pa dzina la mudzi womwe anabadwira, pali mndandanda wa anthu amene ali nawo ngongole, ndipo ine ndili pa nambala 4, chifukwa cha nkhuku ziwiri zija. Anandibwereka ndi iwowo, kuchotsa pa chipepeso.