Kilatchi kapena giya? Zomwe ndaphunzira pa Honda CB350 ya 1972

M'kope langa la maphunziro a umakanika muli tsamba lomwe ndinalembapo mzere umodzi wokha: "Magiya akuterera." Mzere umenewu unatsala pang'ono kunditsitsitsa injini yonse popanda chifukwa. Mawu amodzi akuti kuterera ndinaphimba nawo matenda awiri osiyana kotheratu, ndipo panatha masabata atatu ndisanawalekanitse.

Njinga yake ndi Honda CB350 ya 1972, ya masilinda awiri ndi magiya asanu. Mtundu umenewu unkapangidwa kuyambira 1968 mpaka 1973, ndipo ngakhale dzina limati 350, injini yake ndi ya 325cc. Inafika m'manja mwanga itakhala nthawi yaitali osayenda. Ndinatsuka kabureta, ndinasintha mapulagi, ndinathira oilo watsopano, ndipo italira koyamba mtima wanga unadzaza. Koma pa msewu panatuluka zinthu ziwiri. Pokwera chitunda ndili mu giya yachisanu, ndikapereka moto injini inkalira mokweza, singano ya marevu, yosonyeza mmene injini ikuzungulirira, ikukwera, koma liwiro lili pomwepo. Chinanso, kawiri kapena katatu giya yachiwiri inatuluka yokha ndikunyamuka, njinga n'kugwera mu nyutulo. Kwa ine zonsezi zinali chinthu chimodzi: giyabokosi yatha.

Ndinapita kwa bambo amene amandiphunzitsa ntchitoyi nditakonzeka kale kumasula injini. Iwo sanakhudze sipanala. Anandifunsa kuti, "Mwana wanga, ikamaterera phokoso limakwera pang'onopang'ono, kapena limalumpha kamodzi?" Ndinayankha kuti, "Zonse ziwiri zimachitika, bambo." Iwo anati ndiye kuti ndili ndi milandu iwiri, ndipo ndiiweruze umodziumodzi.

Apa ndi pomwe maphunziro enieni anayambira, choncho ndikhalitsapo pang'ono.

Kilatchi ya njinga imeneyi ndi yonyowa, kutanthauza kuti imasamba mu oilo yemweyo amene amayenda mu injini ndi mu giyabokosi. Mkati mwake muli mapuleti a mitundu iwiri osanjikizana mosinthana. Ena ali ndi timapadi tokhakhala ndipo makutu awo amalowa m'mipata ya basiketi, yomwe imazunguzidwa ndi injini. Ena ndi achitsulo chokhachokha, ndipo mano awo amkati amagwira habu yomwe imapereka mphamvu ku giyabokosi. Masipuling'i amapanikiza mulu wonsewo kuti uzungulire ngati chinthu chimodzi. Ukakoka liva, kupanikizako kumachoka, mapuleti n'kulekana. Ndiye kilatchi ikafooka, mapuleti amapitirira kukhudzana koma akupsepsana, ndipo mphamvu ya injini imathera mu kutentha m'malo mofika ku tayala. N'chifukwa chake phokoso limakwera mosalala, popanda kugunda kulikonse, ndipo ukabweza moto pang'ono kilatchi imagwiranso.

Chomwe chinkandisokoneza n'chakuti mu giya yoyamba ndi yachiwiri kilatchi inkaoneka yabwinobwino. Ndinkati ikanakhala yofooka bwenzi ikuterera paliponse. Si choncho. M'magiya ang'onoang'ono njinga imavomera msanga, imathamanga, ndipo katundu wa pa kilatchi sakhalitsa. M'giya yachinayi kapena yachisanu tayala limakana kufulumira, ndiye mphamvu yonse ya injini imatsamira pa mapuleti kwa nthawi yaitali. Pofooka pamaonekera pamenepo. Kuyesa kwake n'kosavuta: injini itatentha, lowa giya yayikulu pa liwiro lotsikirapo, pa msewu wopanda magalimoto, kenako pereka moto wonse. Singano ya marevu ikathawa, singano ya liwiro n'kutsala, kilatchi yavomera mlandu. Pa njinga zambiri zakale kiki, chopondera cholizira injini, nayo imadutsa mu kilatchi, moti ukaponda n'kumva kuti yatsika mofewa osazunguza injini, ndi umboni wina.

Giya yotuluka yokha ndi nkhani ina. M'giyabokosi ya njinga yamoto mano a magiya amakhala olumana nthawi zonse. Chomwe chimasankha giya ndi timiyendo tachitsulo ta m'mbali mwa magiya, tomwe amakanika amati madogi. Ukaponda pedulo, chitsulo chobulungira chotchedwa dilamu chimatembenuka, timikono totchedwa mafoloko timakankha giya imodzi cham'mbali, madogi ake n'kulowa m'mabowo a giya inzake. Ngodya za madogi zikaperepeseka n'kukhala zozungulira, kapena foloko ikapindika, kapena sipuling'i yogwira dilamu pamalo ikafooka, giya imalavulidwa. Kumeneko kulibe kusalala. Umamva kugunda, mphamvu imaduka kamodzi, injini n'kukuwa. Palinso wachitatu wonamizira onse awiri: tcheni chothera pa masipuloketi osongoka mano ngati minga chimalumpha mano ukapereka moto, ndipo munthu wosazolowera angati ndi giya.

Bambo aja ali ndi lamulo lawo lomwe poyamba ndinkaliona ngati kuchedwetsa ntchito: uyambire kunja, kumene sikufuna kutsegula kanthu, kenako uzilowa mkati. Tinayang'ana tcheni ndi masipuloketi, zinali bwino. Tinagwira pedulo ya magiya, ndipo inagwedera m'manja mwanga ngati dzino la mwana. Bauti yomwe imaimanga pa shafiti inali yomasuka, moti gawo lina la kuponda kwanga linkathera mu kugwederako. Kuchoka mu giya yoyamba kupita yachiwiri pali ulendo wodutsa nyutulo, ndipo madogi ankangolowa nsonga zokha. Tinatsuka timano ta pa shafiti, tinabwezera pedulo, tinamanga bauti. Kuyambira tsiku limenelo giya yachiwiri sinatulukenso. Ndikanapitirira kukwera choncho, madogi omwe ankagwira ndi nsonga aja akanaperepeseka, ndipo pamenepo kutsitsa injini kukanakhala kosapeweka.

Unatsala mlandu wa kilatchi. Apanso tinayambira kunja, pa liva. Liva ya kilatchi imayenera kukhala ndi kampata koyenda yokha isanayambe kukoka, pa njinga zambiri zoterezi kuyambira mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga kwake. Yanga inalibe n'komwe, kebulo inali njo ngati nsambo. Ndinaphunzira chinthu chomwe chinandikhudza kwambiri: mapuleti akamatha, mulu wawo umapyapyala, puleti yopanikiza imasendera mkati n'kudya kampata kaja. Kampata kakatha, kilatchi imakhala ngati wina waikoka pang'ono nthawi zonse. Imaterera, imatentha, imatha msanga, kampata n'kuchepera. Vuto limadzidyetsa lokha. Munthu amene amayang'ana liva yake kamodzi pa mwezi amadula unyolo umenewu usanayambe.

Tinamasula kebulo, tinasintha poyambira kukankha ndodo ya kilatchi, yomwe imalekanitsa mapuleti ukakoka liva, ku mbali ya kumanzere kwa injini monga bukhu la njingayo limanenera, kenako tinamalizira pa liva. Kuterera kunachepa koma sikunathe.

Ndiye anandifunsa za oilo. Ndinawaonetsa chigubu chake, iwo n'kuloza mawu a pa chizindikiro chakumbuyo. Ndinali nditathira oilo wa galimoto, wa mtundu wopulumutsa mafuta. Oilo wotere amathiramo mankhwala ochepetsa kukhulana kwa zitsulo. Mu injini ya galimoto n'zabwino, chifukwa kilatchi yake ili kunja kwa oilo. Mu kilatchi yonyowa mankhwala amenewo amalowerera m'mapadi n'kuwalanda kugwira. N'chifukwa chake ku Japan anakhazikitsa muyezo wa JASO MA mu 1998, wosonyeza oilo woyenera njinga zamoto zomwe kilatchi, injini ndi magiya zimagawana oilo mmodzi. Pomwe njinga yanga inkapangidwa muyezo umenewu kunalibe, ndipo bukhu lake silikanandichenjeza za oilo amene anadzabwera pambuyo pake. Ili ndi phunziro la njinga zakale lomwe sindinaliyembekezere: bukhu limanena zoona za nthawi yake, koma zomwe timathira m'njingazo zasintha. Kulakwitsa kunali kwanga, ndipo kunandiwawa, chifukwa ndinkaganiza kuti ndikuichitira njingayo zabwino.

Tinakhetsa oilo uja, tinathira woyenera, ndinayenda masiku angapo. Pa chitunda chija singano inathawabe. Tsopano kutsegula kunali ndi chifukwa.

Kilatchi ili kumanja, kuseri kwa chivundikiro cha injini. Ndinakhetsanso oilo, ndinachotsa kiki ndi zina zotchinga njira. Masikuluwu a pa chivundikiro amaoneka ngati a Phillips, aja a mutu wa mtanda, koma ndi a muyezo wa ku Japan wotchedwa JIS, ndipo sikuludilaiva wamba amatumphuka n'kudya mutu. Atakhala zaka zoposa makumi asanu mu aluminiyamu, amafuna impact driver, ija yomenya ndi hamala, ndi nsonga yokwana bwino. Ndinajambula chithunzi cha chivundikiro pa katoni n'kumabaya sikuluwu iliyonse pamalo pake, popeza kutalika kwake n'kosiyana. Chivundikiro chinakakamira pa gasiketi yakale. Dzanja linkafuna kulowetsa sikuludilaiva pampata, koma aluminiyamu ndi wofewa, ndipo chilonda chimodzi pamenepo ndi oilo wodontha mpaka kalekale. Ndinagogoda mozungulira ndi hamala ya labala mpaka chinalola.

Fungo ndi lomwe linayamba kutuluka, fungo la chinthu chopserera. Ndinamasula mabauti a masipuling'i pang'onopang'ono, uyu kenako wa moyang'anizana naye, kuti kupanikiza kuchoke mofanana. Mapuleti ndinawatulutsa limodzilimodzi n'kuwayala pa nsalu m'ndondomeko yomwe anali. A mapadi anali akuda, olimba, onyezimira ngati galasi. Nditayendetsa chikhadabo pamwamba pake sichinakodwe paliponse. Awiri mwa achitsulo anali ndi madontho abuluu, chizindikiro chakuti anatentha kwambiri.

Bambo aja sanalole kuti maso okha agamule. Anandipatsa vernier caliper kuti ndiyeze kuchindikala kwa puleti iliyonse ya mapadi m'malo angapo, ndikufananitsa ndi malire a m'bukhu. Ena anali pamalire penipeni, ena atadutsa. Achitsulo ndinawagoneka pa galasi lathyathyathya n'kuyesa kulowetsa feeler gauge, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata, pansi pake mozungulira. Pa abuluu aja inalowa mosavuta, kusonyeza kuti anapotoka. Masipuling'i ndinawayeza kutalika ali omasuka, ndipo onse anali afupikirapo kuposa momwe bukhu limalolera. Ndinali ndisanaganizepo kuti sipuling'i imakalamba. Yakhala yopanikizidwa zaka zonsezo, m'kutentha, ndipo mphamvu yake imachepa. Mapuleti atsopano pa masipuling'i otopa amayambanso kuterera posachedwa, ndiye kusintha zina n'kusiya zina ndi kugwira ntchito kawiri.

Basiketi nayo ndinaiyang'ana, m'mipata momwe makutu a mapuleti amagunda. Munali timizere tosazama. Timizere timeneti tikazama, mapuleti amakodwa, kilatchi simalekana bwino, njinga imakwawa uli utakoka liva ndipo nyutulo imavuta kupeza. Tanga tinali tongomveka pang'ono ku chikhadabo, choncho tinatisalaza mopepuka kwambiri ndi fayilo yosalala, osachotsa chitsulo chambiri, chifukwa mpata ukakula makutu amamenya mwamphamvu kuposa kale.

Mapuleti atsopano a mapadi ndinawaviika mu oilo usiku wonse. Ena amati maola ochepa akwana, koma sindinaone chifukwa chothamangira. Puleti youma ikhoza kupsa pa kunyamuka koyamba oilo asanaifikire. Pobwezera ndinazindikira kanthu kena ndi zala: puleti yachitsulo ili ndi m'mphepete mwina mwakuthwa, mwina mozungulira, chifukwa cha momwe anaidulira ku fakitale. Onse amayenera kuyang'ana mbali imodzi. Mabauti a masipuling'i ndi ang'ono, ndipo nsanamira zomwe amalowamo ndi za aluminiyamu, choncho ndinagwiritsa ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ndikumanga modumphitsa ngati pomasula paja. Ntchito yomwe inadya nthawi yambiri si ya kilatchi n'komwe, koma kupala gasiketi yakale ndi kapulasitiki mpaka nkhope zonse ziwiri zitayera. Gasiketi yatsopano, timapini tiwiri tolondolera chivundikiro pamalo pake, masikuluwu kuchokera pa katoni paja, oilo wa JASO MA, kenako kusinthanso kampata, kuyambira ku injini kumalizira pa liva.

Ndinailiza n'kuisiya itenthe, ndikuyang'ana pansi ngati pali dontho. Panalibe. Makilomita oyamba ndinayenda mofatsa kuti mapuleti akhazikike. Kenako ndinafika pa chitunda chija, ndinalowa giya yachisanu, ndinapereka moto wonse. Phokoso la injini linatsika n'kukhala lolemera, njinga inandikankha kumsana, ndipo singano ziwiri zija zinakwera limodzi.

Patatha sabata kampata ka pa liva kanali katasintha pang'ono, monga zimakhalira mapuleti atsopano akamakhazikika, ndipo ndinakakonzanso. Pa tsamba lija la m'kope sindinafufute mzere woyamba. Pansi pake ndalemba miyezo ya puleti iliyonse ndi ya masipuling'i, mtundu wa oilo, ndi makilomita omwe njinga inali nawo tsiku lomwe ndinatseka chivundikiro. Ndawonjezeranso kuti pa ulendo wotsatira wotsegula mbali imeneyo ndidzayang'anenso timizere ta m'basiketi, ndione ngati tabwerera.