Mmene ndinachokera ku Joni pa basi nthawi ya m'bindikiro

Usiku wa Lolemba pa 23 Malichi 2020, pulezidenti wa South Africa a Cyril Ramaphosa akuyankhula pa TV, ine ndinali nditanyamula thileyi ya mbale zakuda. Ndinkagwira ntchito yoperekera zakudya pa lesitilanti ina ku Johannesburg. Makasitomala anali ochepa tsikulo, moti tonse, ophika ndi otsuka mbale omwe, tinaunjikana pansi pa TV ya pa bala. A Ramaphosa anati chifukwa cha mliri wa kolona dziko lonse lilowa m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pakati pa usiku wa Lachinayi pa 26 Malichi. Mnzanga wina wa ku Zimbabwe anaseka, amvekere tapeza holide. Nanenso ndinaseka nawo.

Lachinayi lija bwana anatigawira nyama yotsala mu filiji ndi R500 aliyense, n'kunena kuti tionana pakatha masabata atatu. Masabata atatuwo anawonjezeredwa mpaka pa 30 Epulo. Pa 1 Meyi analola malesitilanti kuphika chakudya chokasiyira anthu kunyumba basi. Ndiye woperekera mbale pa tebulo angatumikire ndani pamene matebulo ali miyendo m'mwamba? Komanso malipiro anga enieni sanali a bwana ayi, anali matipu a makasitomala.

Apa ndinene chilungamo, chifukwa zonse zotsatira zikuchokera pamenepa. Ndinalowa mu South Africa mu 2017 ndi masiku 30 amene amadinda mu pasipoti pa boda, masikuwo anatha, ine osabwerera. Kutchona kwake n'kumeneko. Boma la kumeneko linakhazikitsa thandizo la TERS, ndalama zochokera ku UIF, thumba lothandiza antchito ntchito ikawathera, zopita kwa antchito kudzera mwa mabwana awo, koma dzina langa silinalembedwepo ku UIF. Kunabweranso R350 ya pamwezi ya anthu osowa ntchito, nayonso yosatikhudza ife opanda mapepala. Tsiku lina ndinaima pamzere wa maphukusi a chakudya kuyambira m'mawa, nditafika kutsogolo anandifunsa ID. Ndinangotembenuka.

Tinkakhala amuna anayi m'chipinda chimodzi ku Rosettenville, aliyense R800 pamwezi. Asilikali ankayendayenda mumsewu, ndipo kutuluka kunali kokagula chakudya kapena mankhwala basi. Amuna anayi amene tinkangokumana pogona, tsopano maso ndi maso tsiku lonse. Tinakanganirana chaja, sopo, ngakhale kapumidwe. Mmodzi wa ife anali wosuta, ndipo poti fodya analetsedwa kugulitsa, ankagula ndudu imodzi mobisa pa mtengo woti tikanagulira buledi. Nsima tinayamba kudya kamodzi, cha m'ma 3 koloko masana, kuti igwire mbali zonse.

Ndinali nditasunga R5,000 ndi kakanganyase pamwamba. Lendi ya Epulo, lendi ya Meyi, ufa, magetsi, data. Chakumapeto kwa Meyi ndinakhala pansi ndi cholembera n'kuona kuti ndikalipira lendi ya Juni ndi Julaye, ngakhale ya basi sindidzakhala nayo. Ndicho chinthu choyamba chimene ndingauze aliyense: tsiku lonyamuka usalisiyire mtima, lisiyire masamu. Mtima unkati dikira, atsegula. Anzanga awiri anamvera mtima.

Ndinaimbira amayi ku Ntcheu. Kwa zaka zitatu, mwezi ndi mwezi, iwo ndi mkazi wanga ankalandira kangachepe pa Mukuru, ndipo foni yanga ikalira kumudzi inali nkhani yabwino. Ulendo uno ndinazungulira, kufunsa za chimanga, za maliro a kwa amalume. Amayi anandidula.

"Iwe, ukudya kumeneko?"

"Tikudya amayi, pang'onopang'ono."

"Bwerako mwana wanga. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka."

Kubwerako kunali ndi njira yake, osati kungopita pa Park Station n'kugula tikiti ngati kale. Maboda anali otseka. Mabasi okhawo onyamula anthu obwerera kwawo ndi amene ankaloledwa, ndipo basi iliyonse inkayenera kukhala ndi mndandanda wa maina wodutsa ku ofesi ya kazembe wa Malawi, kuti mayiko atatu onse, South Africa, Zimbabwe ndi Mozambique, ailole kudutsa. Choncho choyamba chinali kulowetsa dzina pa mndandanda. Ndinalowa gulu la WhatsApp la Amalawi ofuna kubwerera, n'kutumiza dzina, nambala ya pasipoti, boma lochokera ndi nambala ya wachibale wa kumudzi.

M'magulu amenewa munalinso afisi. Munthu wina, woyankhula Chichewa chabwinobwino ndiponso wotchula Mulungu pa uthenga uliwonse, anati titumize R500 yosungitsira mpando. Ndinatumiza. Patapita masiku awiri nambala yake inazima, chithunzi chake chinachoka. Tinalipo ambiri. Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti ndalama ndipereka pamanja, pa ofesi yooneka ndi maso, basi ndikuiona, lisiti n'kulandira. Ndinatero, ngakhale zinatengera kuyenda wapansi mtunda wautali ndi mantha okumana ndi apolisi.

Mtengo wa tikiti unali pafupifupi kawiri wa masiku onse, katundu kulipira payekha. Ndalama zanga zinaperewera. Apa m'pamene madzi anayenda chokwera phiri: amayi anagulitsa mbuzi ziwiri. Kutumiza ndalama kuchoka ku Malawi kupita ku Joni si kophweka ngati kuchoka ku Joni kupita ku Malawi, njira zonse zinakonzedwa moyang'ana kumudzi. Tinachita zosinthana. Mkulu wina wa kwathu konko, amene ntchito yake ya ulonda sinaime, ankafuna kutumiza ndalama kwa mkazi wake. Achimwene anga anakapereka makwacha kwa mayiyo kumudzi, mkuluyo n'kundipatsa ine marandi. Polandira ndalamazo sindinathe kumuyang'ana kumaso. Munthu unapita kukasaka, lero akukugulitsira mbuzi kuti ubwere.

Za mapepala, ine pasipoti ndinali nayo, yosatha, kungoti masiku ndiwo anapitirira. Mnzanga amene tinanyamukira limodzi yake inabedwa kalekale, ndiye anafunika kukatenga chikalata choyendera ulendo umodzi ku ofesi ya kazembe, atanyamula zithunzi zing'onozing'ono ndi chilichonse chosonyeza kuti ndi Mmalawi. Amene analibe pasipoti ankayenera kuyambira pamenepo asanalipire basi, chifukwa dzina lopanda nambala ya chikalata silinkalowa pa mndandanda.

Katundu ndinagulitsa motaya. Aliyense ankagulitsa, wogula panalibe. Filiji imene ndinaigula R1,800 inapita pa R400, bedi ndinangosiyira anzanga. Ndinatenga mabulangete awiri, zovala za mwana, ka sola kamodzi ndi mapoto.

Tikudikira tsiku, kunamveka nkhani ya ku Blantyre. Chakumapeto kwa Meyi anthu oposa 400 ochokera ku Joni, amene anawasunga pa Kamuzu Stadium podikira zotsatira za kuyezedwa kolona, anathawa, ena kulumpha mpanda. Makanema anazungulira pa WhatsApp ponseponse. Kuchokera tsiku limenelo dzina lathu linaipa. Munthu wa ku Joni, amene kale ankalandiridwa ndi nthungululu chifukwa cha zikwama, anasanduka wobweretsa kolona.

Tsiku lonyamuka linasinthidwa katatu, chilolezo chisanatuluke. Kawiri konse ndinatsanzika anzanga n'kubwereranso madzulo ndi zikwama zanga. Tinanyamuka sabata yachiwiri ya Juni. Pokwera anatiyeza kutentha kwa thupi ndi kamfuti kapachipumi kaja, kutipopera sanitayiza m'manja, aliyense masiki kukamwa. Za kukhala motalikirana zinathera pakhomo la basi. Mkatimo tinali phewa ndi phewa, ana pamiyendo.

Polokwane, Musina, kenako Beitbridge. Pamenepa tinagona usiku wonse ndi theka la tsiku lotsatira, mabasi ali mndandanda. Kuzizira kwa Juni pa Limpopo musakuderere chifukwa choti masana kumatentha. Bulangete likhale pamanja, osati m'chikwama cha pansi pa basi monga ndinachitira ine. Nditafika pa windo, wa imigireshoni anatsegula pasipoti, kuyang'ana chidindo cha 2017, kundiyang'ana ine. Lamulo la kumeneko limati ukapitirira masiku oposa 30 amakuletsa kulowanso kwa zaka zisanu. Amene masiku awo anathera mkati mwa m'bindikiro ankawakhululukira, koma ine wa 2017 ndinalibe chonena. Anandipatsa pepala lake, ndinasaina. Sanandikalipire, anali wotopa ngati ine ndemwe.

Mu Zimbabwe, namonso munali m'bindikiro kuyambira pa 30 Malichi, sitinaloledwe kutsika paliponse pali anthu. Galimoto ya apolisi inkatitsogolera, ndipo poima ankasankha okha, patchire, amayi mbali iyi abambo mbali iyo. Masvingo ndi Harare tinangoziona pa windo. Amene anazolowera ulendowu amadziwa kuti m'njira mumagulidwa chilichonse, nthochi, chimanga chootcha, zakumwa. Ulendo uno kunalibe. Amene sanatenge kamba wokwanira anavutika, makamaka amayi a ana. Ine ndinali ndi malofu atatu a buledi, chiponde ndi botolo la malita asanu la madzi, ndipo pofika pa Nyamapanda zonse zinali zitatha chifukwa sungadye wekha mwana wa mnzako akukuyang'ana. Nthawi imeneyo kunali kofunika kutenga chakudya cha masiku asanu, ngakhale atakuuza kuti ndi ulendo wa masiku awiri.

Kumbuyo kwanga kunali bambo wina amene anatsokomola kuyambira ku Musina. Poyamba anthu ankangoyang'anizana. Pofika ku Tete, tikuwoloka Zambezi, mayi wina anaphulika: "Bambo inu, mutipha!" Bamboyo anayankha mofatsa kuti ndi chifuwa cha fumbi la ku ntchito ya zomangamanga. Palibe anamukhulupirira, ndipo palibe akanachitapo kanthu.

Tinadutsa Zobue n'kufika pa Mwanza tsiku lachinayi. Anthu ena anaimba nyimbo ya kutchalitchi, ena kulira. Koma sitinatsike momwe tinkaganizira. Azaumoyo, atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, analemba dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi nambala ya foni, kenako kutilowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno mpaka misozi. Mapasipoti anasonkhanitsidwa. Basi yomweyo inatitengera ku sukulu ina yomwe inali yotseka, kuti tikadikire zotsatira.

Masiku atatu a pamenepo ndi amene anandilemera kuposa ulendo wonse. Uli kwanu, chinenero n'chako, fungo la utsi wa nkhuni likukupeza, koma pageti pali wapolisi. Chakudya chinkabwera mochedwa, madzi ovuta, wotiuza kuti zotsatira zifika liti panalibe. Usiku wachiwiri anyamata ena anadutsira kumpanda wa kuseri. Mmodzi anandikodola: "Achimwene, tiyeni, muwolera pano." Sindinganame, mwendo unanyamuka. Chinandibweza ndi amayi, amene amamwa mankhwala a BP ndi shuga. Ndinaganiza za bambo wa chifuwa uja, mpweya wake ndinaupuma masiku anayi.

Zotsatira anaziwerenga mokweza, dzina ndi dzina. Ine ndinalibe. Bambo wa chifuwa uja analibenso. Amene anapezeka nako anali anthu angapo amene sanatsokomolepo ngakhale kamodzi, mmodzi mtsikana amene tinkagawana naye chiponde. Anawatengera kwina, ife n'kutibwezera mapasipoti ndi kutilangiza kuti tikakhale patokha masiku 14.

Kunyumba anandikonzera kanyumba kosungiramo chimanga. Mkazi wanga ankasiya nsima pakhomo n'kubwerera, tikucheza motalikirana ngati apongozi. Mwana wanga, amene ndinamusiya akuyamwa, ankandisuzumira kuseri kwa nkhokwe, ndipo atafunsidwa kuti ameneyo ndani anati ndi a kolona. Ku mjigo amayi ena ankadikira kuti mkazi wanga achoke kaye asanagwire chogwirira. Pomwepo n'kuti malole odzaza anthu akudutsa pamsewu kupita ku misonkhano ya kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni, akuimba, wopanda masiki ndi mmodzi yemwe. Woopsa ndinali ine ndekha, wokhala ndi pepala loti ndilibe.

Kuno ku Malawi m'bindikiro sunachitike n'komwe. Boma linalengeza wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, mavenda anachita zionetsero, ndipo bwalo lalikulu la milandu linauimitsa pa 17 Epulo a HRDC, gulu lomenyera ufulu wa anthu, atakadandaula. Ndili ku Joni ndinkaganiza kuti ndiye kuti kumudzi zinthu zili bwino. Ndinapeza kuti sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo mkazi wanga, amene ankagulitsa mandasi ndi zitumbuwa pa geti ya pulayimale, analibe msika kwa miyezi itatu. Sanandiuze, poti ankadziwa kuti nanenso ndilibe. M'mudzi mwathu mokha nyumba zingapo zinaima pa windo, malata osafika, chifukwa eni ake ku Joni anakhala pansi ngati ine.

Masiku 14 atatha ndinagulitsa ka sola kaja n'kuyamba kupikula mbatata ya kachewere ku Tsangano, kumagulitsa m'mabigiri pamsewu wa M1. Chakumayambiriro kwa Julaye mnzanga wa ku Zimbabwe uja ananditumizira uthenga kuti malesitilanti atsegula, koma bwana waitana anthu theka lokha, ndipo dzina langa analifunsa. Ndinayang'ana pepala la pa Beitbridge lija, limene ndimasunga mkati mwa pasipoti, n'kumuyankha kuti apereke moni. Mbuzi imodzi ya amayi ndinabweza mu Disembala. Inayo amati ndisavutike nayo, koma nthawi iliyonse tikadutsa pa khola amaitchula mtundu wake.