Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Chowotchera Nyama cha Abwana

M'gawo lapitalo ndinakamba za kusamuka kwa abwana anga kuchoka ku Randburg kupita ku Cape Town. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti potsanzikana anandisiyira chowotchera nyama chawo, chija chozungulira cha Weber, cha miyendo itatu ndi chivindikiro chakuda chonyezimira.

Muyenera kumvetsa kuti kuno ku Joni braai, kutanthauza kuwotcha nyama pamakala, si nkhani yamasewera. Holide ya pa 24 September, yomwe dzina lake lenileni ndi Heritage Day, ambiri amangoti Braai Day. Choncho munthu akakupatsa chowotchera chake, wakupatsa chinthu cha pamtima. Abwana anafika pondifotokozera mbiri yake, kuti anachiyambitsa ndi George Stephen wa ku Chicago mu 1952, atadula pakati chitsulo chija chimayandama pamadzi cholozera sitima njira. Kenako malamulo: phulusa likazizira uzitaya, waya uzimukwecha ndi anyezi wodula pakati akadali wotentha, mvula isachipeze chili chosavindikira. Ndinavomera zonse ndi mutu, manja ndili kumbuyo.

Anyezi woyamba ndinakazingira mazira. Tinene zoona, ndani angawononge anyezi pa waya?

Nkhanza zenizeni zinayamba nthawi imene magetsi ankazimazima, mu 2022 ndi 2023. Chowotchera nyama chinasanduka mbaula. Mayi a kunyumba ankaterekapo mphika wa nyemba tsiku lonse, madzulo n'kutakasirapo nsima ya anthu a payadi yonse, mpaka waya anapindika pakati. Moto ukavuta kuyaka ndinkathira palafini. Tikamaliza ndinkakhuthulira ndowa ya madzi pamakala kuti ena atsale a mawa. Chitsulo chotentha chikalandira madzi ozizira chimalira "tsiii", ndipo utoto wolimba uja umayamba kusweka. Ine ndinkamva kulirako, koma makala anali atakwera mtengo.

Chimene chinachipha ndi phulusa, ndipo apa ndilibe pothawira. Ndinakulira ku Dedza ndikuona agogo akucheza chidulo: phulusa m'chitini chobowola, madzi pamwamba, zodontha pansizo n'kufewetsera therere. Ndinkadziwa bwino kuti phulusa likakumana ndi madzi limatulutsa mphamvu yoluma. Komabe ndinalisiya liunjikane m'menemo dzinja lonse, pamene mvula ya kuno imagwa masana ndi mabingu, nthawi zina ndi matalala, kuyambira October mpaka March. Chivindikiro sichikanathandiza, poti chinali chitakhala beseni lonyikamo masokosi a ana. Paliponse pamene utoto unasweka, dzimbiri linalowa. Timabowo ta mpweya ta pansi tinamatirira osatsekukanso, makoswe n'kumabwera usiku kudzanyambita mafuta.

Mayi a kunyumba anandichenjeza ndithu. "Abambo, chinthuchi chikutha. Abwana anu akadzabwera mudzawauza chiyani?" Ine ndinati chitsulo cha azungu sichitha.

Chinatha pa Braai Day penipeni. Ndinaitana anzanga a kwathu, ena ochokera ku Mangochi, ena ku Mzimba, titasonkherana ndalama ya soseji ya boerewors ndi nkhuku. Nyama itangoyamba kununkhira, mwendo umodzi unazuka pamodzi ndi chibenthu cha pansi. Makala, nkhuku, soseji, zonse pa dothi. Mlamu wanga anatola ntchafu, n'kuipemerera, n'kunena kuti phulusa ndi mankhwala a m'mimba. Tinatsuka zotsalazo n'kuzikazinga m'poto, alendo akuseka mpaka misozi.

M'mawa mwake ndinapereka zitsulozo kwa anyamata okoka matrole aja otolera zakutha mumsewu. Chivindikiro mayi anakaniza, akuti beseni lawo.

Chakumapeto kwa chaka abwana anatumiza uthenga pa WhatsApp wondifunira Khirisimasi yabwino, n'kufunsa ngati chowotchera chikugwirabe ntchito. Ndinachotsa masokosi m'chivindikiro, n'kuchipukuta ndi mafuta ophikira, n'kuchijambula chapafupi kwambiri kuti pansi pasaoneke. Anayankha kuti mu January abwera ku Joni, ndipo nyama agula ndi iwo.