"Malungo sanapezeke" si nkhani yoombera m'manja

Pali kachizolowezi kena kwathu kuno kamene kamandisowetsa mtendere. Munthu thupi latentha, akunjenjemera, mwathamanga naye kuchipatala amubaya pachala paja kenako akuti malungo mulibe. Nde aliyense mtima pansi, eti zikomo Ambuye si malungo, mwalandira panado uyo ulendo wakunyumba. Koma funso loti nanga ngati si malungo chikumutenthetsa thupi nchani palibe amafunsa. Inde nthawi zambiri chimakhala chimfine chimatha chokha. Koma nthawi zina amakhala mabakiteriya omwe ayamba kale kumwazikana m'thupi, ndipo zikafika apo munthu amatha kutisiya m'maola ochepa chabe. Madokotala amati sepsis.

Sepsis imayambira pa matenda omwe timawadziwa kale tonsefe, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, chilonda chotukusira, taifodi, oumitsa khosi, TB, olo malungo enieniwo akakula. Asilikali a m'thupi amadzuka kukalimbana ndi tizilomboto, paja ndi ntchito yawo, koma amapyola muyezo nkuyamba kuononga thupi lomwe akuliteteza. Zili ngati anyamata osaka mbewa ayatsa tchire, mphepo nkutembenuka moto nkukagwira nkhokwe. Mitsempha imalobodoka nkumataya madzi, BP imatsika, magazi safikanso bwino ku impso, ku ubongo ndi kuchiwindi, mapapo amadzadza madzi munthu nkumabanika. Ziwalo zimayamba kuzima chimodzichimodzi.

Azakhali anga ali ndi shuga, ndipo anapunthwa pa chitsa kumunda kachala kaphazi nkung'ambika pang'ono. Kanthu kochepa zedi. Anagula makapisozi pa gulosale, amodzi kumwa ena kutsegula nkuwaza ufa wake pachilondapo, mmene timachitira muja. Phazi linatupa, thupi linatentha, anakayezetsa malungo sanapezeke anabwerera kunyumba. Kenako anayamba kubwebweta, kuitana mayina a anthu omwe tinaika kalekale, osazindikira olo mwana wawo yemwe. Apa nde abale anagwirizana kuti izi si zachipatala izi, pali dzanja la munthu, ena akuti tiitane abusa ena akuti pali agogo ena kuseri kwa phiri amadziwa. Amene anaona zenizeni ndi kamtsikana kamene kankagona nawo, kanangoti koma kandowa ka usiku kaja kangokhala kouma chiyambire dzulo, agogo sakutaya madzi. Kuwagwira manja ali zii pomwe dzana lake thupi linali moto, akupuma mwawefuwefu chigonere. Titafika nawo kuchipatala cha boma a nesi atangoyeza BP sanatiuzenso zokhala pamzere, pompo dripi, jakisoni wa ceftriaxone, okosijeni kumphuno. Anachira azakhali, koma zala ziwiri zinatsala komweko chifukwa zinali zitada bii, ndipo panatha miyezi akungofooka, kuiwalaiwala, khasu osaligwira.

Za mapemphero ine ndilibe nazo vuto, ndimapemphera nanenso. Koma abusa amatha kubwera ku wodi nthawi yoona odwala, pomwe dripi sangakupezeni kumudzi. Munthu wodwala akayamba kusokonezeka mutu mwadzidzidzi mwina ndekuti ubongo sukulandira magazi okwanira, ndipo impso zikasiya kutulutsa mkodzo zikapitirira zimafuna makina otsuka magazi aja, omwe amapezeka mzipatala zikuluzikulu ngati Queens ndi Kamuzu Central, ndipo anthu odikira makinawo ndi ambiri kale.

Musaone ngati ndi matenda osowa. Kafukufuku yemwe a WHO amagwiritsa ntchito anapeza kuti mu 2017 mokha anthu pafupifupi 49 miliyoni padziko lonse anadwala sepsis, 11 miliyoni nkumwalira, kutanthauza kuti pa maliro 5 alionse amodzi anali a zimenezi. Pafupifupi theka la odwalawo anali ana osakwana zaka 5, ndipo ochuluka zedi anali a m'maiko osauka ngati lathu lino. Koma sisankha ayi. Papa John Paul II, omwe anadzatiyendera kuno mu 1989, anamwalira nayo mu 2005 itayambira mu njira ya mkodzo, ali ndi madokotala onse aja pambali pawo. Muhammad Ali wankhonya uja nayenso anamwalira ndi sepsis mu 2016. Nanga ife amene kuti tikafike kuchipatala mpaka kabaza apezeke kaye?

Komwe kumandiwawa kwambiri ndi kuchikuta. Mayi wachira bwinobwino, kaya mwa opareshoni kaya mwachibadwa, watuluka tonse tikululutira, patapita masiku angapo wayamba kutentha thupi, m'mimba mukupweteka, kumusi kukutuluka zonunkha, kapena bala la opareshoni lafiira likutulutsa mafinya. Azimayi akuluakulu nkumati ndi mmene zimakhalira uchembere pirira mwanawe. Ayi amayi, pepani, zimenezo si za uchembere. Chimodzimodzi amene wapita padera kapena mtsikana amene anachotsa mimba mobisa, ameneyu nde amabisa mpaka zitafika poipa poopa kunyozedwa, ndipo tataya ana aakazi ambiri mwanjira imeneyi. Muthamangitseni kaye kuchipatala, milandu mudzakambe ali moyo.

Khanda nalo limavuta chifukwa nthawi zambiri silitentha thupi, limazizira. Lasiya kuyamwa, langoti lobodo, likugona mopitirira osadzuka olo mulitekenye, likupuma mothamanga kapena kubuula, liwombo latukuka, pamchombo pafiira kapena pakununkha, likukomoka. Chimodzi chokha mwa izi chakwana kunyamuka usiku womwewo osadikira kuche. Ndipo pamchombo tisamapakepo phulusa, dothi, mafuta kapena mankhwala achikuda, pakamwa pa bala paja ndi khomo lolunjika m'magazi mwa mwana. Ana ena amene amapulumuka tizilombo titafika ku ubongo amatsala osamva, ena kuchedwa kukhala pansi ndi kuyenda, ena kumagwa khunyu moyo wawo wonse.

Nkhani ya makapisozi ija ndibwererenso chifukwa apa tikudzikumbira tokha dzenje. A bungwe lofufuza zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anaunika zotsatira za magazi a odwala a ku Queens kuyambira 1998 mpaka 2016, ndipo anapeza kuti pofika 2016 kachilombo kotchedwa Klebsiella, kamene kamavutitsa kwambiri makanda, pa 10 tilitonse 9 tinali titasiya kumva mankhwala a gulu la ceftriaxone, pomwe zaka zoyambirira za m'ma 2000 tosamvato tinali tochepa. Kachilombo kena kotchedwa E. coli nakonso tosamva mankhwalato tinali titafika pafupifupi 3 pa 10. Ceftriaxone ameneyu ndamene zipatala zathu zimadalira munthu akabwera ali kayakaya, ena amphamvu kuposa apo ndi odula ndipo sapezekapezeka. Nde ife tikamagula amoxicillin wa masiku awiri pamsika chifukwa cha chifuwa, kapena kubwereka bakitirimu wa aneba omwe ali pa ma ARV, kapena kuthira mankhwala mmadzi a nkhuku tsiku ndi tsiku, tikungophunzitsa tizilomboto kulimba. Sindikuti vuto ndi ife tokha, zipatala zosowa madzi ndi sopo, mawodi odzadza ana angapo pabedi limodzi, nazonso zimafalitsa. Koma gawo lathu tikulidziwa.

Amene ali ndi HIV makamaka amene anadukiza ma ARV, a shuga, okalamba, ana onyentchera, awa thupi likatentha musamazengereze nawo ngati mmene mungachitire ndi mnyamata wamphamvu zake. Katemera naye amathandiza, wa chibayo uja ana amalandira kusikelo, komanso wa taifodi amene anaperekedwa dziko lonse mu 2023 atayesedwa kaye pa ana a ku Ndirande ndi Zingwangwa.

Mukabwerera kuchipatala kachiwiri musakangoti thupi likutenthabe, chifukwa aliyense pamzere paja akunena zomwezo. Kanenani zomwe zasintha, kuti sanakodze chiyambire dzulo, wayamba kuyankhula zosamveka, akupuma mothamanga, manja akuzizira, sakutha kuimirira yekha. Nenaninso za chilonda olo chikhale chaching'ono bwanji, za kubereka kapena kupita padera kwa posachedwa, ndi mankhwala onse omwe wamwa kale kuphatikiza a pagulosale ndi achikuda omwe, musabise poopa kukalipidwa. Buku lake la kuchipatala musaiwale, ndipo pemphani mwaulemu kuti amuyeze BP asanakhale pamzere.