Dzuwa la ku Korea landiphunzitsa za supuni ya tiyi

Sabata ino mu kalasi ya matenda a khungu tinapatsidwa nkhani ya ku South Korea, ine ndimaganiza kuti kumeneko za dzuwa anathana nazo kalekale. Paja ndi kumene amayi amayenda ndi ambulera kunja kulibe ndi kamtambo komwe, chipewa chophimba nkhope yonse, mikono atavindikira mpaka m'zala.

Botolo la sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, kumeneko limalembedwa zizindikiro ziwiri za mphamvu yake, SPF yomwe ndi ya cheza cha dzuwa cha UVB chomwe chimawotcha khungu, kenako PA ya cheza china cha UVA, kuyambira PA+ mpaka PA++++. UVA yo ndi yomwe inandidabwitsa chifukwa imadutsa pa galasi la windo ndi m'mitambo momwe, ndiye munthu wa melasma, aja mawanga akuda a m'masaya omwe iwo amawatcha gimi, atha kukhala mu ofesi ku Seoul tsiku lonse pafupi ndi windo mawanga nkumaderabe. Wa vitiligo, matenda oyeretsa khungu malo ena, naye malo oyera aja alibe melanin yomwe imadetsa khungu nkuliteteza ku dzuwa, amapsa msanga kwambiri, wa lupus, matenda omwe chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo, dzuwa limamudzutsira matenda.

Koma chomwe chandikhala pamtima ndi mlingo wa sunscreen wopaka. SPF 50 ija amaipeza atapaka 2 mg pa sikweya sentimita iliyonse ya khungu, ndipo anthu ambiri amapaka theka kapena kuchepera apo, kamodzi m'mawa basi, pomwe ukakhala panja umayenera kubwereza pakatha maola awiri makamaka thukuta likamatuluka, ndipo July ndi August ku Korea ndi thukuta lokhalokha. Aphunzitsi anati nkhope ndi khosi zimafuna pafupifupi theka la supuni ya tiyi, ndinakayesa kunyumba ndi lotion wamba, abale ndi wambiri, nkhope inachita kuyera mbee. Ndiye taganizani munthu wa eczema, matenda oyabwitsa khungu, yemwe mafuta ena amamuyabwa akangopaka, apaka wochuluka chonchi? Nchifukwa chake amawauza asankhe okhala ndi zinc oxide, sayabwa kwenikweni.

Apa ndinakumbukira anzathu achialubino kwathu kuno omwe khansa ya pakhungu ikuwatha. Timasangalala akalandira botolo ku chipatala koma sindinamvepo wina akufunsa kuti botolo limenelo likutha masiku angati. Ndikapita ku ward mwezi wa mawa funso langa loyamba likhala limenelo, ndipo supuni ndinyamula m'thumba la yunifolomu.